Maliro a Pansi pa Masitepe

Kwathu amati safunsa anadya phula. Amene anayambitsa mwambi umenewu sanagonepo chipinda chimodzi ndi Nirajan. Akanakhala naye sabata imodzi yokha akanawonjezerapo kuti wofunsitsa naye amadya zake zowawa.

Nirajan anali mnyamata wa ku Nepal, wochepa thupi ngati sadya, koma pakamwa pali injini. Tonse tinali alonda pa nyumba ina yosanjikizana ku Al Dafna, mumzinda wa Doha, imodzi mwa zija zagalasi zokhazokha, ndipo kampani inkatigoneka m'nyumba imodzi ku Al Aziziya, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda. Iye ankagona bedi lam'mwamba, ine lapansi. Mafunso ake ankandigwera kuchokera kumwambako ngati zitosi za nkhunda.

"Macfussy, Mulungu wako polenga dzuwa la kuno anali atakwiya?"

"Gona."

"Macfussy, a Mussa sadya nkhumba, ine sindidya ng'ombe, iwe ukudya zonse ndipo ndiwe wonenepa kuposa tonse. Akunama ndani?"

Ndinkamuyankha kuti wonama ndi amene akundiletsa tulo. Amalawi a m'nyumbamo tinamupatsa dzina loti Mafunso, ndipo analikonda mpaka kumadzitchula yekha. A Mussa, dalaivala wa basi yathu, bambo wachikulire wa ku Ntaja, ndiwo ankamupirira kuposa tonse. Mpando wakutsogolo unali wa Nirajan, ndipo njira yonse ya ku Al Dafna ankawafunsa za kusala kudya ndi za mapemphero awo, iwo akungoseka. Ankamuitana kuti mwanangu.

Koma mafunso enieni sanali athu ayi. Anali a bambo ake. Bambo akewo anali wansembe wa Chihindu m'mudzi mwawo kumapiri, munthu woitanidwa mwana akabadwa, pa ukwati ndi pa maliro. Agogo ake analinso wansembe, ndipo popeza Nirajan anali mwana wamwamuna yekhayo, mpando unkamudikira. Mapemphero onse anawaloweza asanamere ndevu. Atafika pa msinkhu anamuveka ulusi wopatulika umene umachokera paphewa lamanzere, kudutsa pachifuwa mpaka m'chiuno, ndipo suvulidwa ngakhale posamba. Tinganene kuti ndicho chinamwali chawo.

Chimene chinatsegula pakamwa pake anandiuza yekha. Kusukulu anali ndi mnzake wapamtima, mwana wa wosula zitsulo. Kwawoko mabanja ena amawayesa otsika chibadwire, oti akakukhudza wadetsedwa, ndipo banja la osula zitsulo linali limodzi mwa amenewo. Tsiku lina mvula itagwa, bambo a Nirajan anaterereka pa kanjira kotsetsereka, ndipo mnyamata uja anawagwira mkono kuti asagwere kuphompho. Sanamuthokoze. Analunjika pampopi n'kudzithira madzi ndi zovala zomwe. Mnyamatayo anangoima pomwepo akuyang'ana dzanja lake, kulitembenuza uku ndi uku ngati ladzola kanthu.

"Ndinawafunsa kuti bambo, mwasamba chiyani?" anatero Nirajan. "Anandiuza kuti zinthu zina sizifunsidwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa chilichonse."

Ambirife tinabwera kuno pothawa umphawi. Iye anathawa mpando.

Corona itabwera mu 2020, pansi paliponse atamata matepi oti anthu aziima motalikirana, aliyense akupaka sanitayiza akangokhudza mnzake, Nirajan anaseka mpaka misozi. Anati dziko lonse lasanduka bambo ake. A Mussa nawo anasiyiratu kupereka moni wa m'manja. Ankangoika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu, ngakhale kwa Amalawi anzawo.

Chaka chomwecho m'pamene panachitika za ulusi. Aliyense wa ife ankatchinga bedi lake ndi nsalu kuti akhale ndi pobisala. Chingwe cha nsalu ya Nirajan chitaduka, iye anavula ulusi wake uja n'kumangira nsaluyo, amvekere tsopano wapeza ntchito yooneka ndi maso. Ndinamuchenjeza kuti za makolo saseweretsa, ngakhale usakuzikhulupirira. Anandifunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo ndinamusiya.

Lachisanu lina masana makina oziziritsa chipinda anafa, tonse tinavula malaya. Bambo ake anaimba foni ya vidiyo, iye n'kuyankha osaganiza. Chinepali sindichimva, koma mkangano sufuna womasulira. Mawu a mkuluyo anali otsika, a Nirajan okwera, kenaka foni inadulidwa. Pambuyo pake anandimasulira, akuyesa kuseka.

Bambowo anaona chifuwa chopanda ulusi, kenaka anauona ulusiwo kumbuyo kwake utanyamula nsalu. Ahindu amawotcha akufa awo, ndipo woyatsa motowo ndi mwana wamwamuna. Amakhulupirira kuti popanda dzanja la mwana ndi miyambo yake, mzimu umasochera. Ndiye mkuluyo anamufunsa kuti, tsiku limene ndidzafe, udzayatsa moto wanga ndi chifuwa chimenecho? Nirajan anayankha kuti moto sufunsa dzanja, aliyense wokhala ndi machesi angathe kuwawotcha.

Ndinapsa mtima ngati bambowo ndi anga. Ndinamuuza kuti mawu otero kwa kholo sayankhulidwa ngakhale utaledzera bwanji, awaimbire nthawi yomweyo apepese. Anati apepese chiyani pamene wanena zoona. Kuchokera tsiku limenelo ankayankhula ndi mayi ake ndi mlongo wake basi. Bambowo ankangodutsa kumbuyo pa vidiyo, osayang'ana.

Mayi ake akamufunsa za kubwera kumudzi, yankho linali limodzi: kampani ikukana. Kale bodza limenelo likanagwira, chifukwa bwana ndiye ankasunga kiyi wa moyo wako, kutuluka m'dziko kapena kusintha ntchito mpaka iye asayine. Koma malamulo anali atasintha. Kumayambiriro kwa 2021 Mnepali wina wa m'mudzi mwawo anapita kutchuthi, ndipo pocheza, mosafuna kuipitsa munthu, anawauza makolowo kuti masiku ano palibe womangidwa miyendo ku Doha. Bambowo sanakalipe. Anangotuma mayi aja kuti amuuze mwanayo kuti khomo silinatsekedwe.

Masiku ake atchuthi anali ataunjikana. Ndinamuuza kuti apite, a Mussa anamuuza kuti apite. A Mussawo anali atangotaya mchimwene wawo ku Malawi, maliro anawaonera pafoni, ndiye ankadziwa zimene ankanena. Nirajan ankati adzapita kumapeto kwa chaka, pa chikondwerero chawo chachikulu. Ine ndikuganiza kuti ankafuna akafike ali ndi yankho loti akawagonjetse nalo bambo ake.

Mu Meyi matenda anakolera ku Nepal. Bambo ake anayamba kutentha thupi, kenaka kubanika, ndipo anamwalira kuchipatala sabata isanathe. Ndege zinali zitaimitsidwa. Mitembo ya omwalira ndi corona sankaipereka kwa abale, ankaitenga asilikali. Mlongo wake anajambula ali kutali, kutsidya kwa mtsinje: anthu ovala mapulasitiki oyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkhope zosaoneka, mmodzi akuwerama n'kuyatsa nkhuni.

Nirajan anaionera vidiyoyo atakhala pabedi langa. Sanalire. Anaibwereza, kuibwerezanso, kenaka anati chapansipansi, "Aliyense wokhala ndi machesi."

Ndinamuuza kuti mawu sapha munthu, wapha ndi matenda. Anati akudziwa. Anati akudziwa bwino lomwe, ndipo kudziwako sikukumuthandiza chilichonse.

Mayi ake anamupempha chinthu chimodzi. Popeza dzanja lake silinayatse moto, achite zotsalazo konkuno, osalakwitsa ngakhale chimodzi, kuti bambo ake apeze njira. Mwana wamwamuna amakhala pa maliro masiku khumi ndi atatu. Amameta mpala, amavala nsalu yoyera yosasoka, amagona pansi, amadziphikira yekha kamodzi patsiku mpunga wopanda mchere, ndipo sakhudzidwa ndi munthu aliyense, ngakhale Mnepali mnzake. Nirajan, amene sankavomera kanthu asanafunse katatu, anangoti chabwino amayi.

Kapitawo wathu anamupatsa tchuthi chija. Tchuthi chimene chikanamufikitsa pakhomo pa bambo ake anakachithera pansi pa masitepe, pamene tinkasungirapo ndowa ndi zokolopera. Tinachotsamo zonse, iye anakolopa yekha n'kuyala bulangete. Mnepali wina wachikulire wophika m'nyumbamo anamumeta n'kumupezera ulusi watsopano. Wakale uja anaumasula, nsalu ya pabedi inagwa, ndipo palibe anaimanganso. Kuti anthu asamuyandikire, anamata pansi tepi yofiira yomwe tinkagwiritsa ntchito kuntchito kuja poimitsa anthu pamzere.

Za kumeta ndi za mchere sizinandidabwitse. Kwathu ku Ntcheu nafenso timameta maliro, ndipo mchere uli ndi malamulo ake pakagwa zovuta. Chimene chinandikhala pakhosi ndi choti namfedwa asakhudzidwe. Maliro a mtundu wanji munthu kulira yekha ngati ali m'ndende? Ndikaweruka ndinkakhala pasitepe, iye kuseri kwa tepi yake, n'kumacheza. M'mawa uliwonse wansembe wina wa kwawo ankamutsogolera mapemphero pafoni, koma pakamwa pa Nirajan pankathamanga pokha, nthawi zina mpaka kumukonza wansembeyo.

"Ndiye wayamba kukhulupirira?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ayi. Mpunga wa nsembe umene ndikuumba m'mawa uliwonse akudya ndi mbalame, Macfussy, si bambo anga. Koma ngati wolakwa ndine, wovutika si ine."

Anali atawonda, maso atalowa. Masiku ambiri anali atadutsa bwinobwino, atatsala ochepa, pamene Amalawi a m'nyumbamo tinagwirizana zoti tikamukhuze. Maliro n'kulirana. Munthu amene timadya naye, kukwera naye basi imodzi, sitikanangomudutsa ngati ndowa zija. Nirajan anavomera, bola tisawoloke tepi. Ndinawauza onse momveka: palibe moni wa m'manja, palibe chakudya, palibe kumugwira paphewa. Lachisanu masana tinakhala pamasitepe anthu asanu, masiki kukamwa. Dumisani, mlonda mnzathu wa ku Mzimba, anayankhula mawu opepesa, tinaimba nyimbo imodzi chapansipansi. Nirajan sankamva mawu a nyimboyo, koma kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo ake analira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa.

Apa m'pamene a Mussa analowa. Anachedwa chifukwa anali kukatula anthu kuntchito, ndiye malangizo anga sanawamve. Anavula nsapato pakhomo. Anaona mwana wawo uja ali mpala, atakulunga kansalu, akulira pansi yekhayekha, ife akuluakulu tili chapatali ngati tikuonera mpira. Tepi sanaione. Chaka chimenecho matepi anali paliponse mpaka maso anasiya kuwaona. Ndisanadzuke n'komwe anali atagwada kale, atagwira dzanja la Nirajan ndi manja awo awiri, monga timachitira kwathu. Linali dzanja loyamba limene a Mussa analigwira chiyambire corona.

"Pepa, mwanangu. Pepa."

Ndinaona ndi maso angawa zala za Nirajan zikufumbata dzanja la a Mussa. Kenaka anakumbukira. Anasolola dzanja lake ngati lapsa, anakuwa mawu amodzi m'Chinepali, nkhope itakwinyika moti sindinamudziwe, n'kukankhira msana kukhoma. A Mussa anagwa chokhala.

"A Mussa, sakhudzidwa!" anatero Dumisani. "Ndi ma-rules a kwawo."

"Koma ndasamba m'manja," anatero a Mussa. "Wallah, ndapaka sanitayiza ndisanatsike m'basi."

"Si za corona, bambo," ndinatero ine. "Ndi za mwambo. Aliyense saloledwa, ngakhale ine."

Sanandimve, kapena anandimva koma nkhope ija inali itawauza kale zina. Anayang'ana dzanja lawo, kulitembenuza uku ndi uku. Kenaka anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. "Khalas, basi. Mafi mushkila, palibe vuto. Pepani, ndalakwitsa." Anavala nsapato n'kutuluka. Enawo anatsatira mmodzimmodzi, mpaka ndinatsala ndekha pasitepe.

Nirajan anati mawu amene anakuwa aja ndi amene bambo ake ankatchulira anthu a banja la osula zitsulo. Anati sanawatchulepo chibadwire, ankadana nawo kuposa mawu ena alionse, ndipo sakudziwa kumene anabisala zaka zonsezi. Ndinamuuza kuti a Mussa samva Chinepali. Anati waona m'mene amayang'anira dzanja lawo?

Kenaka anandifunsa. Mwambo umati wokhudzidwa asambe thupi lonse asanapitirize.

"Ndisambe? Ndikasamba, ndiye kuti dzanja la a Mussa ndi litsiro. Ndikapanda kusamba, ndawataya bambo kachiwiri, ndipo amayi ndiwanamize. Macfussy, ndisambe?"

Zaka zonsezi ankandifunsa zopanda mutu ine ndikumuyankha mwano. Funso limodzi lofunika litabwera, ndinangoyang'ana tepi ija.

Anadzuka n'kutenga ndowa yake. Masiku amenewo sankalowa kubafa kwathu, ankasamba pampopi wa panja. Madzi a m'thanki kuno masana amatentha ngati a tiyi, timawasiya kaye m'ndowa kuti azizire. Iye sanadikire. Anadzithira kuyambira kumutu, ndi nsalu yomwe, ndowa yoyamba, yachiwiri, khungu likufiira. Geti linali lotsegula. Kunja basi inali isanachoke, ndipo a Mussa anali pa chiwongolero, injini isanalizidwe. Anaonerera mpaka ndowa yomaliza, kenaka analiza basi.

Madzulo mayi ake anaimba monga mwa masiku onse. Sanawabisire. Anawauza kuti munthu wina wamukhudza mwangozi, koma wasamba nthawi yomweyo. Ndinamva mayiwo akulira ndi kuseka pamodzi. Foni itadulidwa ndinamufunsa kuti ati chiyani.

"Ati tsopano mtima wawo wakhala pansi. Ati ndine mwana wa bambo anga weniweni."

Sindinaonepo munthu atayamikiridwa n'kuoneka ngati wamenyedwa khofi. Mpunga wa tsiku lotsatira anaphika, koma sanaudye.

Masiku otsalawo anawamaliza osalakwitsa. Analawa mchere, anamatula tepi, ndowa ndi zokolopera zinabwerera m'malo mwake. Ulusi watsopano sanauvule. Ndinamufunsa chifukwa chake, iye anati nayenso sakudziwa, ndipo sanawonjezere funso lililonse. Ine ndinali nditapita kale kwa a Mussa kukawafotokozera zonse, za asilikali, za machesi, za pempho la mayi ake. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati palibe mlandu, mwana ali pa maliro saimbidwa mlandu, olakwa ndi iwo polowa pamalo osafunsa. Ananena zonse zoyenera munthu wamkulu, maso ali pa galasi la basi limene ankapukuta.

Tsiku lobwerera kuntchito Nirajan anavala yunifomu, chipewa chikumukhwepa pamutu wampala. Anadikira kuti tonse tikwere. Kenaka anaima pakhomo la basi, anavula chipewa, n'kutambasula manja ake awiri kwa a Mussa. Mawu a Chichewa anali atandipempha dzulo lake kuti ndimuphunzitse, ndipo anawatchula bwino.

"Bambo, ndikhululukireni."

A Mussa anamwetulira. Ndikunena zoona, anamwetulira mwachifundo. Anaika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu.

"Corona, mwanangu. Kwera, yalla, tachedwa."

Nirajan anaima kanthawi manja ali m'malere. Mpando wakutsogolo unali wopanda munthu, koma anaudutsa n'kubwera kudzakhala nane kumbuyo. Nyumba zagalasi za ku Al Dafna zitayamba kuonekera, anaika manja ake pamiyendo, zikhatho kumwamba, n'kumaziyang'ana.

"Macfussy," anatero, "ndinasamba chiyani?"